Kukaona ngati mpando wa agogo ukuzungulirabe

Lolemba usiku, Glasgow

Chikwama chatheka. Masokosi mapeya anayi, magolovesi obwereka, fulasiki, mtedza wokazinga m'chidebe cha majarini, ndi botolo la Nali limene alamu akuti popanda ilo sakwera basi. Mawa tilawirira kumapiri a kumpoto kwa Scotland, kumalo amene anthu amatsetsereka pa sinowo. Ine kutsetserekako sindikudziwa, ndipo pa msinkhu wangawu kuthyoka mwendo ndi kudziitanira misonkhano ya banja pa WhatsApp. Chandikoka ndi makina okweza anthu m'phirimo.

Ndisanabwere kuno ndinali fitala pa fakitale ya tiyi ku Mulanje zaka 14. Malamba, mamota, magiyabokosi, girisi mpaka m'zikhadabo. Kuno ndimasamalira okalamba. Pali agogo ena aamuna, zaka zawo zadutsa 85, amene akadzuka ku tulo tawo tamasana nkhani ndi imodzimodzi: Glencoe. Ali mnyamata ankapitako pafupifupi Loweruka lililonse m'nyengo yozizira. Amati kumeneko kuli mpando wa munthu mmodzi wolendewera pachingwe, dzina lake Cliffhanger. Mwezi watha ndikuwameta ndevu anandigwira dzanja: "Mwanawe, ukapeza tchuthi ukandionere ngati ukuzungulirabe." Ndinavomera mongowasangalatsa. M'mawa mwake anandifunsa ngati tikiti ndagula. Munthu amene amaiwala kuti phala wadya kale, izi zokha sanaiwale.

Alamu, amuna a mlongo wanga, alowerera ulendowu poti tchuthi chawo chikanatha ntchito akapanda kuchitenga. Mantha a malo okwera ali nawo, sakwera ngakhale pa makwerero kukasintha babu. Sindinawauze zonse.

Lachiwiri, Glencoe

Basi inanyamuka pa depoti ya Buchanan kusanache bwino. Alamu anagona tisanatuluke mumzinda, poti amagwira yausiku ndipo thupi lawo limadziwa kuti kukacha ndiye nthawi yogona. Msewu wa A82 m'mbali mwa Loch Lomond ndi wopapatiza, wokhotakhota. Lole ikatulukira kutsogolo dalaivala amachita kuima, magalimoto n'kupatukirana pang'onopang'ono ngati anthu awiri osenza nkhuni pa mlatho wa mitengo. Tadutsa Crianlarich, Tyndrum, Bridge of Orchy, kenako msewu wakwera n'kutiponya pa Rannoch Moor. Dambo lalikulu lopanda mtengo, lopanda nyumba, timadziwe toundana apa ndi apo. Kwathu malo otere sangasowe munthu wowotcha chimanga m'mbali mwa msewu. Kuno ngakhale mbuzi, zii.

Anatitsitsa pamphambano, basi n'kupita. Mphepo inatilandira ngati tili nayo ngongole. Tayenda pang'ono kamsewu kolowera kuphiri, mayi wina wa galimoto yodzaza ana ndi maski (timatabwa titalititali tomanga kumapazi potsetsereka pa sinowo) anaima n'kutiuza tipanikizane kumbuyo. Sanafunse kuti ndife ayani. Kamtsikana kake kanandipatsa siwiti imodzi yomata kale m'manja.

Phirili dzina lake Meall a' Bhùiridh, mamita 1,108. Ndayesa kulitchula katatu, mnyamata wogulitsa matikiti wangoseka. Awa ndi malo akale kwambiri a masewerawa mu Scotland: chingwe choyamba chokoka anthu chinayamba kugwira ntchito mu 1956, ndipo amene analimbikira ntchitoyo anali Philip Rankin, yemwe pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankayendetsa ndege. Malo odyera a pansipa ndi atsopano, akale anapsa pa Khrisimasi ya 2019. Tadya bani yokhala ndi soseji yamakona anayi, ndi tiyi, anthu awiri pafupifupi mapaundi 15. Alamu anayamba kuwerengera mu makwacha, ndinawaletsa. Ukayamba zimenezo sudya.

Tsono mpandowo. Azungu amati chairlift. Ndi chingwe chimodzi chachitsulo cholumikizidwa mozungulira, gudumu lalikulu pansi, lina pamwamba, pakati nsanamira zokhala ndi timagudumu tovala labala, chingwe n'kumayenda pamwamba pake. Mipando ya anthu awiriawiri inapanidwa pachingwecho, ndiye chingwe chikamayenda nayonso iyenda, siima kuti ukhale. Umaimirira pa mzere, mpando umakudzera kumbuyo n'kukugunda kuseri kwa mawondo, iwe pansi khaa, mapazi m'mwamba. Woyang'anira amaugwirako pang'ono ndi dzanja kuti usakupweteke.

Titangodutsa nsanamira yachiwiri alamu anatseka maso. "Alamu, mlongo wanu mukamuuze kuti khadi ya kubanki ili m'Baibulo, pa Masalimo." Ndinaseka, koma nane m'mimba munali mutazizira. Pansi pathu mtsinje ukugwa m'miyala, theka madzi theka chipale. Pofuna kuiwala mantha ndinayamba kumvetsera makina. Mpando ukamadutsa pa nsanamira umamveka gudugudu, ndipo fitala amadziwa kusiyanitsa gudugudu wa labala wabwino ndi kulira kwa bering'i youma. Ndinamvetsera nsanamira zonse. Anthuwa girisi samuumira.

Pakati pa ulendo chingwe chinaima, kapena wina pansi anaphonya pokhala. Mphindi imodzi yokha, koma tinalendewera pamenepo phee, mpando ukugwedera, alamu akunong'ona pemphero la Ambuye mothamanga ngati akuopa kuti satsiriza. Ulendo wonse ndi mphindi ngati 12.

Pamwamba pali chidikha, kanyumba kogulitsa khofi, ndi ana otsetsereka pa timabeseni tapulasitiki. Apa ndi pamene ndinamvetsa mmene phirili analiyalira. Kuchokera poimika magalimoto khomo ndi limodzi lokha, mpando umene takwerawu. Ukafika pachidikha uyenera kusintha, kenako kusinthanso, katatu kapena kanayi kuti ukafike pansonga, ngati kuchoka ku Muloza kupita ku Ntcheu pa minibasi. Zina mwa zokwezazo si mipando. Pali Poma, ndodo yokhala ndi kambale kumapeto: umaipana pakati pa miyendo n'kukukoka uli chiimire pa maski ako. Dzinalo ndi la kampani ya ku France imene inazitchukitsa. Palinso ya mtundu wa T yokoka anthu awiri. Ndiye pali mpando watsopano wa anthu atatu, Rannoch, umene aumanga zaka zaposachedwapa, utoto ukuwalabe.

Cholinga cha mpando watsopanowo chimaoneka ukangoyang'ana pansi. Poma imafuna sinowo pansi pa mapazi njira yonse. Pakangotulukira miyala kapena matope mamita khumi okha, basi yafa, ngakhale pamwamba pali sinowo wofika m'chiuno. Mpando ulibe nazo ntchito, umangodutsa m'mwamba. Koma mphepo ikakula mpando ndiwo umayamba kuima, poti umagwedezeka n'kufuna kumenya nsanamira, pamene Poma imapitirira poti munthu ali pansi. Chilichonse chili ndi tsiku lake lodwala. Nzeru ya phirili ndi yakuti sizidwala tsiku limodzi zonse.

Cha m'ma 2 koloko mtambo unang'ambika. Uko, pamwamba pa thanthwe lakuda, timipando tating'ono tikukwera kamodzikamodzi, munthu aliyense payekha ngati nkhanga pa waya. Cliffhanger. Ukuzungulira. Wopanda maski salowako, ndiye ndinayandikira mmene ndikanathera, ndinavula golovesi n'kujambula vidiyo ya mphindi ziwiri mpaka zala zinasiya kumva. Misozi inatuluka, ndikuti ndi mphepo.

Tagona m'kanyumba kamatabwa kozungulira ngati mgolo, pafupi ndi poimika magalimoto. Nsima ndaisowa kale.

Lachitatu, Fort William

M'mawa ndinadzuka msanga ndipo ndinapeza anthu a pa mpando uja ayamba kale. Usiku nkhungu imaundana pachingwe ndi pa timagudumu, chipale chake chokhuthala ngati dzanja, ndiye amayenera kuchigumula asanakweze munthu. Wina amakwera nsanamira ndi hamala, kuzizira kumeneko. Ndinacheza pang'ono ndi bambo wina wa ndevu zofiira. Nditamuuza kuti ndinali fitala nkhope inamasuka, anandionetsa chipangizo choyezera mphepo, n'kundifunsa ngati kwathu kumagwa sinowo. Ndinamuuza za chisanu cha pa Lichenya mu June, chimene chimawauka udzu mbee. Sanakhulupirire kwenikweni.

Basi ya ku Fort William inatitengera m'chigwa chimene aliyense amajambula, ndiye ine sindilembapo. Mlatho wa Ballachulish, kenako m'mbali mwa Loch Linnhe, mvula yamawawa. Tasiya zikwama ku hositelo n'kupita ku Nevis Range, malo ena otsetserekera pa sinowo, makilomita ngati 10 kumpoto kwa tauni.

Tafika gondola, timabokosi tokweza anthu pachingwe, itaima chifukwa cha mphepo pamwamba. Pansi tsamba silikugwedezeka n'komwe, alamu n'kumati atinamiza. Ine ndinawaikira kumbuyo anthuwo: ndinaonapo lamba akuchoka pa gudumu, ndipo pamenepo panali masamba a tiyi okha, osati anthu. Tadikira maola atatu. Supu ya mphodza za lentil ndi buledi, alamu anathiramo Nali, nkhalamba ina ya patebulo loyandikana inapempha kulawa, inakhosomola mpaka kufiira, kenako n'kujambula botololo pa foni yake. Kudikira kwa kuno n'kwachilendo. Palibe wodandaula mokweza, aliyense maso pa foni kuona za nyengo. Pa depoti ya Limbe bwenzi titadziwana mayina ndi midzi tonse.

Poti tinalibe chochita, ndinawachitira alamu masamu pa kapepala kopukutira pakamwa. Ngati mpando ukufika masekondi 6 aliwonse, pa ola ndi mipando 600. Wa munthu mmodzi wanyamula anthu 600, wa anayi 2,400. Kuchuluka kwa anthu kumatengera zimenezo, kutalikirana kwa mipando ndi kukula kwake, osati liwiro la chingwe. Liwiro limangochepetsa nthawi imene wakhala ukuzizidwa m'mwamba. Alamu anati: "Nanga bwanji osangomanga chimodzi chachikulu, chothamanga, kuchokera pansi mpaka pansonga, n'kuchotsa tizidutswazidutswa tonseti?" Ndinalibe yankho lokonzeka. Ndinangoti tiona.

Masana anatsegula. Gondola imeneyi inayamba kugwira ntchito mu December 1989, pa phiri la Aonach Mòr, ndipo ndi yokhayo ya mtundu wake m'mapiri a Britain. Timabokosi totseka ta anthu 6, mtunda wa makilomita 2.3, kukafika pa mamita 650. Chimene chinandigwira mtima chili padenga la siteshoni. Kabokosi kakamalowa, chopanira chake chimakanikizidwa ndi njanji n'kutsegula kukamwa, n'kusiya chingwe. Chingwe chimapitirira ndi liwiro lake, kabokosi n'kumakankhidwa ndi matayala ang'onoang'ono mwapang'onopang'ono, nkhalamba n'kukwera mosathamanga. Potuluka matayala amakathamangitsa mpaka liwiro lifanane ndi la chingwe, chopanira n'kulumanso. Mipando yamakono ya ku Alps imayenda choncho, mamita 5 pa sekondi, pamene ya dzulo ija yopanidwa kokhazikika imayenda theka lake. Ndinaima pamenepo khosi m'mwamba mpaka mtsikana woyang'anira anandifunsa ngati ndataya kanthu. Koma fitala akaona zimenezi amaonanso ntchito: chopanira chilichonse chili ndi masipuling'i, chimatsegula ndi kutseka tsiku lonse, chiyenera kumasulidwa n'kuyezedwa. Kukongola kwakeko n'komwe kumadya ndalama.

M'kabokosi alamu anali ngwazi, poti muli chitseko. Ine maganizo anapita ku Likhubula. Ndili mwana tinkaona matabwa akutsika pachingwe kuchokera ku Chambe, ndipo njira yokwerera kumeneko mpaka lero imatchedwa Skyline chifukwa cha chingwecho. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzakhala ine katundu wake.

Pamwamba sinowo anali wochepa, wa zigambazigamba, mipanda yamatabwa ili mbuu m'mizere. Mipandayo si yotchinga ziweto. Mphepo ya kuno imasesa sinowo n'kupita naye, ndiye mpanda umaichepetsa mphamvu kuti sinowo aunjikane kuseri kwake, pamenepo n'kukhala njira yotsetserekera. Kuseri kwa phiri kuli mpando wina, Braveheart, kumene sinowo amakhalitsa, koma kuti ukafikeko uyenera kudutsa zokweza za kutsogolo kuno kumene sinowo amatha msanga. Nkhokwe yodzaza, makwerero ali kwa aneba.

Ambiri amene tinakwera nawo analibe maski. Oyenda pansi, ojambula, banja lina la ku India lofuna kuti ana agwire sinowo. M'chilimwe gondola yomweyi imanyamula njinga, ndipo mpikisano wa dziko lonse wa njinga zotsika phiri unayamba kuchitikira pano mu 2002. Makina onyamula aliyense, chaka chonse, ndiwo amadyetsa anzake amene amadikira sinowo.

Ben Nevis ali pafupi pomwepa, mamita 1,345, phiri lalitali kuposa onse mu Britain. Ndinawauza alamu monyada kuti Sapitwa ndi 3,002, kameneka n'kachulu. Mphepo inandiyankha pondilanda chipewa. Chapita ku Inverness.

Lachinayi, panjira ya ku Aviemore

Tinakonza zozungulira pa basi kudzera ku Inverness, koma ku hositelo bambo wina wachikulire, pulambala, anamva tikufunsa njira n'kunena kuti akupita ku Kingussie, atitenga. Vani yodzaza mapaipi, galu wakuda pakati pathu. Ndalama ya mafuta anakana mpaka kukwiya. Mtedza wokha analandira, ndipo anatha theka la chidebe.

Msewu wa A86 kudzera ku Spean Bridge. Pa damu la Laggan anaima dala kuti ndione, atamva za ntchito yanga yakale. Linamangidwa m'ma 1930 kuti madzi ake azipanga magetsi a fakitale ya aluminiyamu ku Fort William, ndipo fakitaleyo ikugwirabe ntchito. Konkire ya zaka 90 ili nji.

Titatchula Cairngorm, phiri limene tikupitako, bamboyo anasintha. Anaphunzirira maski kumeneko ali mwana, ndipo nkhani yake anaikamba ngati ya munda wolandidwa. Kale phirilo linali ndi mipando mbali ziwiri. Ku Coire Cas kunali White Lady, umene unatsegulidwa mu 1961. Ku Coire na Ciste, chigwa chakuya chimene chimasunga sinowo, kunali mipando ina iwiri ndi poimika magalimoto pakepake. Itabwera sitima yokwera phiri mu 2001, mipando ya ku Cas anaichotsa, ya ku Ciste inasiya kuyenda patapita zaka zochepa, inakhala ikuchita dzimbiri, mpaka mu 2017 anaigwetsa ngakhale anthu a m'deralo anachita kampeni yoti ikonzedwe. Chaka chotsatira sitima inaima. Pamenepa anamenya chiwongolero, galu n'kudzidzimuka.

Sanatisiye ku Kingussie, anapitirira nafe mpaka ku Aviemore, makilomita ena pafupifupi 20, n'kubwerera. Dzina lake sitinafunse, iyenso sanafunse athu. Zandivuta mumtima usiku uno.

Aviemore ndi msewu umodzi wa masitolo a majekete okwera mtengo. Tadya nsomba ndi tchipisi titaimirira. Mapazi akuwawa, ndipo ndayamba kuwerenga masiku.

Lachisanu, Cairngorm

Basi ya m'mawa imadutsa m'nkhalango ya paini ya Rothiemurchus, m'mbali mwa Loch Morlich, ndi pa Glenmore pamene amaweta mphalapala za kumayiko ozizira, zimene Mikel Utsi anabwera nazo kuchokera ku Sweden mu 1952. Sitinazione. Kenako msewu umakwera mokhotakhota. Tinadutsa poimika magalimoto pa Coire na Ciste: bwalo lalikulu, magalimoto ogonamo awiri atatu, mpando palibe ndi umodzi womwe.

Pa Coire Cas, mamita oposa 600, chinthu choyamba kuona ndi njanji. Yakwera phiri pa nsanamira za konkire ngati bongololo wamkulu, pafupifupi makilomita 2, chakumapeto n'kulowa m'phanga, kukatulukira pa siteshoni ya Ptarmigan, mamita 1,097. Ndi mabogi awiri omangidwa ku chingwe chimodzi, ina ikamakwera inzake ikutsika, n'kupatukirana pakati. Lero palibe chikuyenda. Inatsekedwa mu 2018 atapeza zofooka pa mlatho wa konkirewo. Kukonza kunadya pafupifupi mapaundi 25 miliyoni a boma, kuposa ndalama zimene anaimangira poyamba. Inatsegulidwa mu January 2023, mu August chaka chomwecho n'kutsekedwanso (inadzayambanso kuyenda mu February 2025, ulendo wathuwu utapita kale). Mwini malowa ndi bungwe la boma la Highlands and Islands Enterprise, ndipo mu 2023 linalandira mapaundi 11 miliyoni pa mlandu umene linasumira omanga ndi okonza mapulani, nkhani n'kuthera kunja kwa khoti. Ndinayenda pansi pa njanjiyo kuyang'ana zitsulo zimene amanga nazo molumikizira mitanda, ngati munthu womangidwa mabandeji thupi lonse.

Ndinawaitana alamu. "Funso lanu la Lachitatu lija, yankho ndi ili."

Sindikufuna kuinyoza sitimayi mopanda chilungamo. Phiri ili ndi la mphepo yoopsa: pa 20 March 1986 pansonga pake, mamita 1,245, anayeza mphepo ya mamailosi 173 pa ola, yoposa ina iliyonse imene a zanyengo anavomerezapo mu Britain. Sitima ya panjanji imayenda pa mphepo imene mpando sungayerekeze. Imanyamula wa pa njinga ya olumala, khanda, nkhalamba. Agogo anga aja sangakhalenso pa Cliffhanger, koma m'sitimayi ndikanatha kuwakankhira. Amene anaiganiza sanali opusa. Cholakwika chinali kukwirira zitsime poti mpopi wafika m'mudzi. Tsiku limene mpopi wauma, mudzi wonse uli ndi ndowa m'manja.

Ndipo ndowazo ndaziona lero. Sinowo weniweni ali pamwamba, woyera bwino, akuoneka. Pansi pano ndi udzu ndi miyala. Zokoka za Poma ndi T zoyambira pansi sizingayende popanda sinowo m'njira yake. Mpando wodutsa m'mwamba palibe pa phiri lonseli. Ndiye anyamata ndi atsikana, ngakhale azibambo a imvi, maski paphewa, nsapato zolemera ngati maunyolo, akukwera wapansi kukafuna pamene sinowo wayambira. Ku Glencoe kampando kakale kakukweza anthu mmodzimmodzi, kuno mamiliyoni ali chigonere.

Mapulani okonza zinthu alipo, akhala akulembedwa. Mu 2018 kampani ya alangizi ya ku America, SE Group, inapereka lipoti la ntchito za mapaundi 27 miliyoni, muli mipando yatsopano ndi makina opanga sinowo. Mu 2021 kunatuluka pulani ina ya zaka 25. Koma ndalama zambiri zapita ku konkire ija. Anthu amene ndacheza nawo pa khofi agawanika: ena akufuna mpando wamakono wa anthu 6 wothamanga, ena akuti bwezerani wa ku Ciste basi, ena akuti nyengo yasintha, sinowo akucheperachepera, kuthira ndalama pamenepa ndi kutungira madzi m'dengu. Palinso oteteza chilengedwe, ndipo ali ndi mfundo: pamwambapa pamamera tizomera tosapezeka kwina, n'chifukwa chake m'chilimwe okwera sitima saloledwa kutuluka pa siteshoni ya pamwamba n'kumayendayenda okha.

Wina atandifunsa ine, mlendo wa masiku anayi amene sadziwa n'kumanga komwe nsapato za maski, ndinganene kuti mpando wamba wopanidwa kokhazikika, wa anthu atatu kapena anayi, nsanamira zazifupi, wobisala m'chigwa kumene mphepo siwomba cham'mbali, wokhala ndi potsikira pakati pamene sinowo amayambira masiku ambiri, ndiponso wotha kutsitsa anthu pobwerera. Wosathamanga, wosadabwitsa, woti anyamata a pompano angaumasule ndi masipanala awo osadikira katswiri wa ku Austria. Koma palibe wandifunsa, ndipo nduna siidula riboni pa chinthu chotero mosangalala.

Pansi pafupi ndi magalimoto pali chigamba cha sinowo wopanga. Amachokera m'chikontena chokhala ngati filiji yaikulu, chimene chimapanga chipale ngakhale kunja kusanazizire kwenikweni, n'kuchilavula mulu. Ophunzira amakwera pa lamba woyenda pansi. Nditamuona ndinaseka ndekha: ndi lamba yemwe uja wonyamula masamba a tiyi kupita ku makina odulira, rola kutsogolo, rola kumbuyo, mota pansi. Zaka 14 ndinkakalipira anyamata okwera pa lamba. Lero ndalipira ndalama kuti ndikwerepo.

Inde, ndabwereka maski. Alamu ndiwo anandikakamiza, kubwezera za Lachiwiri. Ola limodzi, kugwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndisanayambe n'kuyenda komwe. Kamnyamata ka zaka ngati zisanu kanaima pambali panga n'kundilangiza kuti ndiloze nsonga za maski pamodzi ngati chidutswa cha pizza. Ulendo womaliza ndinatsika mamita ngati 50 osagwa, ndikukuwa m'Chichewa. Vidiyo ili ndi alamu, ndipo akuti aisunga mpaka tsiku limene ndidzawalakwire.

Loweruka, m'sitima

Thupi lonse likuwawa, makamaka malo okhalira. Sitima ya ku Glasgow yadutsa pa Drumochter, pamwamba kuposa pena paliponse pa njanji zikuluzikulu za Britain, mapiri mbali zonse ali ndi sinowo kumutu kokha ngati nkhalamba zometa m'mbali. Pitlochry, Perth, Stirling. Alamu agona. Mlongo wanga watumiza uthenga kuti ufa ulipo, nyemba zili pamoto. Ndatsala ndi mapaundi 11 ndi mtedza wodzaza dzanja limodzi.

Lolemba, kuntchito

Ndinadikira adzuke ku tulo tamasana, ndinawakhazika bwino pa pilo, magalasi ndinawapukutira. Vidiyo yanga ndi yogwedera, mphepo ikungoti fuu m'sipika, timipando tikuoneka ngati ntchentche. Anaonera osaphethira. Chala chawo chinkatsatira mpando umodzi kuchokera pansi mpaka utabisika kuseri kwa thanthwe, n'kubwerera kukatenga wina. Anati ndibwereze. Tinabwereza kanayi. Kenako anandiuza kuti pa nsanamira ya pamwamba pa thanthwe paja munthu umagwira chipewa, poti mphepo imatulukira mwadzidzidzi kumanja. Ndinawauza kuti changa chinapita kale. Anaseka mpaka kukhosomola, ndinachita kuwapatsa madzi.

Lachiwiri m'mawa

Ndikuwameta ndevu anandigwira dzanja. "Mwanawe, ukapeza tchuthi ukandionere ngati mpando uja ukuzungulirabe."

Ndinapukuta thovu m'manja n'kutulutsa foni.